Chikondi chodikira maliro

Pa nkhani ya maliro, ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu palibe angatiphunzitse. Uthenga ukangomveka kuti uje watisiya, mudzi wonse umadziwa chochita popanda wolamula. Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi amatulukira ndi timabeseni ta ufa pamutu, anyamata amagwetsa mtengo wa nkhuni, akwaya amachezera usiku wonse pa siwa ngakhale kuzizire chotani. Wina amakhala pambali ndi kope, kulemba dzina la aliyense wopereka chipepeso ndi ndalama imene wapereka. Mpingo umabwera ndi yunifolomu, nkhata, nyimbo ndi ulaliki. Mwambo umenewu ndi wokongola, ndipo amene anakhalako m'tauni, momwe anthu oyandikana nyumba sadziwana ndi mayina omwe, amadziwa kufunika kwake.

Koma ndili ndi funso kwa Akhristu anzanga, a Katolika, a CCAP, a Church of Christ, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekosite ndi ena onse. Khamu limene limadzaza bwalo tsiku la maliro limakhala kuti miyezi yonse imene munthuyo amakhala chigonere pamphasa? Ine ndikuona kuti chikondi chathu chimafika mochedwa, ndipo tachizolowera mpaka tayamba kuganiza kuti kutsata Yesu ndi komweko.

M'mudzi wina wa kumtunda kwa Dedza kuno munali gogo amene ana ake ambiri anapita ndi mliri wa Edzi, wotsala mmodzi ali ku Johannesburg. Anagwa m'matenda nthawi yokolola. Amene amaidziwa miyezi ya Juni ndi Julaye kuno safunika kuuzidwa: mphepo yochokera kuphiri imalowa mpaka m'mafupa, madzi ogona m'ndowa m'mawa sagwirika. Gogoyu ankafunda chitenje chimodzi, kumiyendo n'kuikako thumba la feteleza. Denga linali ndi mipata yoti ukagona chagada umaona mitambo. Wophika phala anali kamdzukulu kakakazi ka Sitandade 4, kamene kanayamba kujomba kusukulu chifukwa cha ntchito yomweyi. Matchalitchi anali pafupi, moti Lamulungu lililonse nyimbo zinkamveka mpaka pakhomo pake.

Atamwalira, zonse zinapezeka tsiku limodzi. Galimoto imene inkasowa yopita naye kuchipatala inapezeka yokatenga bokosi kuboma. Ufa unadzaza madengu, mbuzi inagwa, ndalama zinalowa pafoni. Amayi osambitsa thupi anatulutsa bulangeti latsopano m'pepala lake la pulasitiki, lochindikala bwino, mopindidwa mwake mukuonekabe, n'kumukulunga nalo. Likanabwera mwezi umodzi m'mbuyomo, mayiyo akanagonako motenthera masiku ake omaliza. Linapita naye m'nthaka. Pamene mlaliki ankati mpingo wataya mayi wokhulupirika, ine mtima wanga unali pa bulangetilo.

Sindikunena kuti anthu a m'mudzimo ndi ankhanza. Ndi anthu omwe aja amene angakugawire kachewere wa m'dimba mwawo usanapemphe n'komwe. Vuto lagona pa mmene kuthandizana kwathu kumayendera. Maliro n'kulirana, amatero akuluakulu, ndipo sanabise kanthu: ndabwera kwanu lero chifukwa mawa mudzabwera kwathu. Kope la chipepeso lija ndi kaundula wa ngongole. Amene sapezeka pa maliro a anzake amadziwa chimene chikumudikira, chifukwa adzukulu akhoza kudzakhala pansi, makasu ali poteropo, mpaka banja lake litalipira chindapusa kwa amfumu. Pamaliro aliyense amakuona, dzina lako limawerengedwa pagulu. Pamphasa ya wodwala palibe wolemba mayina, palibe chindapusa kwa amene sanabwere, ndipo wodwala ngati gogo uja sadzadzukanso kuti adzakubwezere.

Kulirana kotereku n'kumene kumatchinjiriza anthu osauka, ndipo tisakusiye. Koma tisadzinamize kuti pamenepa ndiye tatsata Khristu. Asilamu a kwa Tambala amalirana, a kudambwe amalirana, ngakhale amene sanapondepo m'nyumba ya mapemphero iliyonse amalirana, nthawi zina kuposa ife. Yesu anafunsa funso lomweli pa Mateyu 5:46-47: mukakonda okhawo amene amakukondani, n'kumalonjera abale anu okha, mwachita chiyani choposa ena? Okhometsa msonkho nawonso amatero. Pa Luka 14 anauza munthu amene anamuitana ku chakudya kuti asamaitane abwenzi, abale ndi anansi olemera, kuopa kuti nawo angamuitane n'kukhala kuti wabwezeredwa. Aziitana osauka, olumala, otsimphina ndi akhungu, popeza alibe chomubwezera. Miyambi yathu yambiri ya kuthandizana imayang'ana za mawa: kupatsa n'kuika, mnzako akapsa ndevu m'zimire mawa adzazima zako. Ndi nzeru zabwino zosungira mudzi. Koma wophunzira wa Yesu akuitanidwa kukazima ndevu za munthu amene manja ake sadzathanso kugwira chikho cha madzi.

Pali nkhani ina pa Marko 14 imene ndikanakonda tikanamaiwerenga kawirikawiri. Ku Betaniya, patangotsala masiku ochepa kuti Yesu apachikidwe, mayi wina anaswa nsupa ya mafuta onunkhira a mtengo wapatali n'kumuthira pamutu. Anthu anang'ung'udza kuti wawononga. Yesu anamuikira kumbuyo, nati mayiyu wachita chimene akanatha, wadzozeratu thupi lake lisanaikidwe m'manda. Amayi ena, okonda Ambuye nawonso, anagula zonunkhira zawo Sabata litapita n'kulawirira kumanda, koma sanapeze thupi loti alidzoze. Wa ku Betaniya ndiye anafika pa nthawi yake, mwini wake akadamva fungo la mafutawo. Ena amathamangira mawu a m'nkhani yomweyi akuti osauka muli nawo nthawi zonse, ngati chilolezo chowasiya, kuiwala kuti vesi lomwelo likupitiriza kunena kuti mukhoza kuwachitira zabwino nthawi iliyonse mwafuna.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mipingo yambiri ndiyo imaphunzitsa anthu kuika mtima pa maliro. Ndani sanamvepo chiopsezo chakuti ukapanda kumaliza zopereka zako, mpingo sudzayimba pa maliro ako? Agogo ena amagulitsa nkhuku yawo yomaliza kuti khadi lawo likhale lodzaza, poopa kudzaikidwa chinunu ngati munthu wakunja. Mpingo ukamagwira anthu ake ndi mantha amenewa, ukuwauza kuti chachikulu chimene ungawachitire ndi kuwaika m'manda. Ndiye tisadabwe akamakhulupirira zomwezo, n'kumachitiranso anzawo chimodzimodzi.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe. Ati tonse ndife osauka, feteleza wakwera mtengo, chimanga sichifika Januwale, tithandize bwanji ena pomwe ana athu akugona ndi njala? Limeneli si dandaulo lolipeputsa, ndipo amene amalinena sakunama. Koma ufa umene umatuluka tsiku la maliro umachokera m'nyumba zosauka zomwezo. Komanso zambiri zimene wodwala wa m'mudzi amasowa sizifuna ndalama: ndowa ya madzi a pa mjigo, mtolo wa nkhuni, wina womutembenuza kuti asachite zilonda, womuchapira zofunda zimene waziipitsira, wokhala naye pakhonde kuti amveko mawu a munthu. Chovuta chenicheni n'chakuti maliro amatha pa masiku awiri kapena atatu, pomwe sitiroko, khansa kapena ukalamba zimatenga miyezi ngakhale zaka. Kupereka kamodzi pagulu n'kopepuka. Kubwera sabata ndi sabata pakhomo lonunkha mkodzo, popanda wokuombera m'manja, n'kumene kumafanana ndi zimene Luka 9:23 akunena, kuti wofuna kutsata Yesu adzikane yekha n'kusenza mtanda wake tsiku ndi tsiku.

Kuyendera odwala kulipo ndithu, sindikukana. Koma kwina kumene timachita kumamusiya wodwala mmene tinamupezera. Gulu limafika, nyimbo ziwiri, vesi, pemphero, “Ambuye akukhudzeni, agogo,” kenako onse dzambatu, mtsuko uli wouma, pamoto pali phulusa lozizira. Nthawi zina banja la wodwalayo ndi limene limavutika kusaka choti alendo a mpingo alawe. Yakobo 2:15-16 anazinena kale: mbale kapena mlongo ali wausiwa ndi wanjala, iwe n'kumuuza kuti apite ndi mtendere, akafunde, akakhute, osamupatsa zosowa za thupi lake, phindu lake n'chiyani? Masiku ano kwabweranso chizolowezi cha zithunzi. Sopo mmodzi ndi paketi ya shuga, gogo wamuimika pakhomo ndi chitenje chake chong'ambika, madzulo ali kale pa WhatsApp ndi Facebook. Munthu wosauka nayenso ali ndi manyazi. Yesu anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita.

Munthu mmodzi sangasenze wodwala wa miyezi yambiri, ndipo n'chifukwa chake pali mpingo. Pokonzekera ntchitoyi sitikuyambira pansi ayi. Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 analimbikira kwambiri za miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana nyumba, kuti mpingo usathere pa Lamulungu kutchalitchi chachikulu koma uzikhala pakati pa makomo a anthu. Boma la nthawi imeneyo linamukayikira mpaka anachoka m'dziko muno. A CCAP nawo ali ndi milaga. Palibe mphakati kapena mlaga umene sudziwa nyumba imene utsi sunatuluke dzulo. Nanga bwanji misonkhano yambiri ya timaguluti imathera pa kuwerengetsa amene sanapereke za chitukuko, za yunifolomu, za mphatso ya abusa kapena ya bambo mfumu? Pa Machitidwe 6, dandaulo limene linagwedeza mpingo wa ku Yerusalemu linali la amayi amasiye amene ankadumphidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo atumwi anauza anthu kuti asankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino oti ayang'anire zimenezo. Atumiki athu ambiri lero tawasandutsa ogwira mbale ya chopereka ndi buku la malisiti basi.

Sindikutsutsa kumanga tchalitchi cha njerwa zootcha ndi malata. Mvula ndi mphepo ya kuno sizilola kupempherera pansi pa mtengo. Koma pa Paper Sunday imodzi timatha kusonkha ndalama zimene thumba la odwala silizionako chaka chathunthu, ngati thumbalo lilipo n'komwe. Zifukwa ndi zomwe zija: mlendo wolemekezeka akuona, dzina likutchulidwa pa maikolofoni, akwaya akukuvinira. Pa Marko 7 Yesu anadzudzula Afarisi chifukwa chophunzitsa kuti munthu akati chuma chake wachipereka kwa Mulungu, wamasuka pa udindo wosamala atate ndi amayi ake. Mwana amene watumiza ndalama ya matailosi a m'tchalitchi pomwe mayi ake akugona m'nyumba yodontha, mpingo uzimuuza mwachikondi kuti ayambe wafolera kwawo, matailosi adikire.

Chimene chikundilimbitsa mtima polemba izi n'chakuti anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu anachitapo kale zazikulu kuposa zimene ndikupemphazi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angonia ndi madera ena a Mozambique anayamba kukhamukira kuno. Pofika 1992 Malawi anali kusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, dziko limene kalembera wa 1987 anapeza kuti linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni okha. Kuno ku Dedza ndi Ntcheu, kumene msewu wa M1 m'malo ena monga pa Lizulu ndiwo malire enieniwo, ambiri sanatsekeredwe m'misasa. Anakhala m'midzi mwathu momwemu. Mafumu anagawa malo omangapo, mabanja anatsegula nkhokwe mabungwe asanafike ndi makhadi a chakudya. Inde, ambiri anali abale a mtundu umodzi ndi chiyankhulo chimodzi, ndipo madandaulo analipo, makamaka pa za nkhuni ndi mitengo imene inatha m'mapiri. Koma munthu wofika usiku ndi kamtolo pamutu, mwana kumbuyo, analibe chobweza, ndipo palibe ankadziwa kuti nkhondoyo idzatha liti. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, patapita zaka zambiri anthu akudyera limodzi.

Ku Mua, mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1902, odwala khate amene midzi yawo inawataya ankapezako anthu owatsuka mabala. Ndipo nthawi imene Edzi inkavuta kwambiri, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, anali amayi a m'mipingo, a Chigwirizano, a Legio ya Maria ndi ena odzipereka, amene ankalowa m'nyumba zimene achibale enieni ankaziopa. Ankasambitsa anthu otsala mafupa okhaokha, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuwachapira nsanza. Ambiri mwa amayi amenewo akalamba tsopano, ndipo ena mwa iwo ndi omwe akugona okha m'nyumba zozizira.

Ndatchula amayi dala. Mpaka lero, chikondi chochepa chimene chimafika pa nthawi yake chasenzedwa ndi amayi. Pitani kumalo ophikira a odikirira odwala pa chipatala chilichonse cha boma. Mafuwa ali ndandanda, utsi uli tolotolo, ndipo amene akukoleza moto, kupemphana kamchere ndi kubwerekana miphika ndi amayi, ena atakhala pamenepo masabata angapo, munda kwawo utalowa tchire. Abambofe timabwera nthawi yoonera odwala ndi kabotolo ka Sobo, kufunsa kuti “mwagona bwanji?”, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Mumpingo timakhala kutsogolo, pamaliro timayankhula m'malo mwa banja, mwa mudzi, mwa mpingo. Koma amene anavula malaya ake akunja, kumanga chopukutira m'chiuno n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake pa Yohane 13 anali mwamuna, ndiponso Mphunzitsi wawo. Bambo wokalamba amene wafa ziwalo sangasambitsidwe ndi mpongozi wake wamkazi kapena mwana wake wamkazi osamva manyazi olasa mtima, ndipo mwambo wathu suloleza. Ntchito imeneyo ndi ya abambo a mumpingo. Anyamata amene amakumba manda m'nthaka youma ya mwezi wa Ogasiti angathenso kumweta udzu n'kufolera nyumba mvula ya Novembala isanagwe.

Ena ati zonsezi n'za boma. Boma lili ndi udindo ndithu, ndipo tiziliuza mosaopa. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, koma amafikira pafupifupi banja limodzi pa mabanja 10 aliwonse. Ndipo ngakhale ndalamayo ibwere, singanyamule ndowa kupita pa mjigo kapena kutembenuza wodwala usiku.

Pali chifukwa china chimene makomo a okalamba ena sapondedwa, ndipo sitikonda kuchitchula pa guwa. Timawaopa. Gogo akakhala yekha, ana ake atatha kumwalira, maso atafiira ndi utsi, akuyankhula yekha chifukwa mutu wayamba kusokonezeka ndi ukalamba, mudzi umayamba kunong'ona kuti ndiye anadya ana ake. Akhristu amene Lamulungu amaimba kuti Yesu anagonjetsa mphamvu zonse za mdima amauza ana awo kuti asalandire ngakhale chimanga chokazinga kwa gogoyo. Aneneri ena amafika pouza munthu wovutika kuti amene wamanga mwayi wake ndi agogo ake a kumudzi. Kumene manong'onong'o amenewa amakathera tinakuona ku Neno, boma loyandikana ndi Ntcheu, mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a kwawo komweko powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wa zaka 17. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma apolisi nthawi zambiri amafika zinthu zitachitika kale.

Chimene chingateteze gogo wotere zinthu zisanafike pamenepo ndi mapazi a anthu pakhomo pake. Nyumba imene amayi a yunifolomu amalowamo sabata iliyonse, imene mkulu wa mpingo kapena katekisiti amakhala pakhonde pake n'kudya nsima m'mbale imodzi ndi mwini wake anthu akuona, anyamata sangaiyandikire ndi miyala mwachisawawa. Wochita zimenezi akonzekere kunenedwa. Adzati nayenso ndi wa gulu lomwelo, abale ake ena adzamukwiyira, ena adzaleka kugula pa okala yake. Ndipo gogoyo mwina si wa mpingo wake. Mwina mwamuna wake anali wa kudambwe, mwina iye mwini anadulidwa kalekale chifukwa chophika mowa. M'fanizo la pa Luka 10, Msamariya sanayambe wafunsa munthu wovulala uja kuti amapemphera kuti. Anaima pamsewu umene achifwamba anali atangochitirapo zoopsa, anamanga mabala a munthu wa mtundu umene unkamunyoza, anamukweza pa chiweto chake, analipira kunyumba ya alendo, nalonjeza kuti ndalama zikaperewera adzabweza pobwerera.

Pa msonkhano wotsatira wa mphakati kapena mlaga, zokambirana zisanafike pa zopereka, wina alimbe mtima atchule nyumba zimene anthu amazilambalala m'dera lawo, za a mpingo wawo ndi za amene si a mpingo wawo. Asabalalike asanagwirizane kuti Lolemba apita ndani, Lachinayi apita ndani, wotunga madzi ndani, wotema nkhuni ndani, ndiponso kuti mwa opitawo abambo ndi angati.